Msonkho unachoka, mapepala anatsala: zimene amabizinesi ankaopa pa Brexit

Mu galimoto za Mini zopangidwa ku Oxford muli chitsulo china chimene chinatchuka kwambiri m'zaka zimene Britain inkakambirana zotuluka mu European Union (EU), kutuluka kumene kunatchedwa Brexit. Amakaniko amachitcha crankshaft, mtanda wachitsulo umene umazungulira pansi pa injini kuti mphamvu ifike ku mateyala. Chitsulochi chinkaumbidwa ku France. Kenako chinkakwera lole n'kuwoloka nyanja kupita ku fakitale ya BMW, kampani imene imapanga Mini, ya ku Hams Hall, kufupi ndi Birmingham, kuti akachiboole ndi kuchisalaza. Chikachoka kumeneko chinkawolokanso kupita ku Munich, ku Germany, kukalowa mu injini, ndipo injiniyo inkabwerera ku Oxford kukaikidwa m'galimoto. Maulendo atatu pamadzi, galimoto isanayende ngakhale mita imodzi. Ikagulidwa ndi munthu wa ku Italy kapena ku Spain, chitsulo chija chinkawoloka kachinayi.

Kwa zaka zambiri palibe amene ankawerenga maulendo amenewa, chifukwa panalibe chowerengera. Lole yochoka ku France kupita ku England inkayenda ngati ikungopita mzinda woyandikana nawo: fomu ya kasitomu ayi, msonkho ayi, woyeza katundu ayi. Wofuna kumvetsa chimene makampani ankabuulira pa Brexit ayambire pa chitsulo chimenechi, zolankhula za andale zibwere pambuyo.

Ankatuluka mu chiyani kwenikweni?

Britain inalowa m'gululi pa 1 Januwale 1973, nthawi imeneyo likutchedwa European Economic Community. Mu 1975 anthu anafunsidwa ngati akufuna kukhalabe, ndipo awiri mwa atatu alionse anavomera. Pa 23 Juni 2016 funso lomwelo linabweranso, koma ulendo uno 51.9 peresenti anasankha kutuluka, 48.1 peresenti kukhala. Papepala lovotera panali zosankha ziwiri zokha. Kutuluka motani, n'kukaima pati, sipanalembedwe. Mutu wa amabizinesi unayambira pamenepa kuwawa, chifukwa pa nkhani ya malonda EU ili ndi zipinda ziwiri, ndipo anthu ambiri amazisokoneza.

Chipinda choyamba ndi mgwirizano wa kasitomu. Mayiko a m'gululi salipiritsana msonkho pa katundu, ndipo katundu wochokera kunja amalipira msonkho wofanana kaya walowera padoko la Rotterdam ku Netherlands kapena, Britain isanatuluke, la Felixstowe ku England. Akalowa, walowa, amayenda paliponse popanda womufunsa kumene anachokera. Choluza chake n'chakuti dziko palokha silingapangane za misonkho ndi America kapena India. Akuluakulu a ku Brussels, likulu la EU, ndi amene amakambirana m'malo mwa onse.

Chachiwiri ndi msika umodzi, umene unayamba mu 1993, ndipo uwu ndi wozama kuposa woyamba uja. Malamulo a kapangidwe ka zinthu ndi amodzi, kaya ndi mankhwala, zidole za ana, mabuleki a galimoto kapena nyama. Britain isanatuluke, chovomerezeka ku Manchester chinali chovomerezekanso ku Madrid popanda kuchiyezanso. Zinthu zinayi zimayenda momasuka: katundu, ntchito monga za mabanki ndi inshulansi, ndalama, ndi anthu. EU inanenetsa kuyambira pachiyambi kuti zinayizi ndi mtolo umodzi, sungasolole zitatu n'kusiya chimodzi. Chonsecho ambiri mwa amene anavotera kutuluka chimene chinkawapweteka ndi chachinayicho, kuchuluka kwa anthu obwera.

Njira zapakati zinalipo. Norway si membala wa EU koma ili mu msika umodzi, ndipo pa chifukwa chimenecho imalola anthu kulowa momasuka ndi kutsatira malamulo amene siiwavotera. Turkey ili mu mgwirizano wa kasitomu ndi EU pa katundu wa m'mafakitale. Makampani ambiri ankayembekezera zangati zimenezi. Koma mu Januwale 2017 nduna yaikulu Theresa May analengeza kuti Britain ichoka mu msika umodzi, ndiponso kuti ikufuna ufulu wopangana yokha za malonda ndi mayiko ena. Nthawi imeneyo pafupifupi 44 peresenti ya zimene Britain inkagulitsa kunja zinkapita ku EU, ndipo zoposa theka la zimene inkagula kunja zinkachokera komweko.

Chenjezo limene linaphonya

Usiku wa chisankho, malo ovotera atangotsekedwa, paundi imodzi inkagula madola pafupifupi 1.50. Kutacha inali cha pa 1.33, pomwe inali isanafikepo chiyambire 1985. Nduna yaikulu David Cameron analengeza zotula pansi udindo m'mawa womwewo. Kwa kampani yoitanitsa katundu kunja, zinthu zinakwera mtengo usiku umodzi wokha, dziko lisanatuluke n'komwe. Mu Okutobala chaka chomwecho kampani yopanga zakudya ya Unilever ndi sitolo za Tesco anakangana pa zokweza mitengo ndi pafupifupi 10 peresenti, mpaka Marmite, chopaka pabuledi chimene Angerezi amachikonda, chinasowa kwa kanthawi pa tsamba la intaneti la Tesco. Anthu anaseka, poti Marmite amapangira ku England konko. Koma kukwera mitengo kwa zinthu, kumene kunali pa 0.5 peresenti mu Juni 2016, kunafika pa 3.1 peresenti mu Novembala 2017, ndipo zimenezo sizinali zoseketsa.

Komabe tinene zoona: chenjezo lalikulu kwambiri linaphonya. Mwezi umodzi chisankho chisanachitike, unduna wa zachuma pansi pa George Osborne unati kungovotera kutuluka kudzagwetsa chuma nthawi yomweyo, ndipo anthu 500,000 adzataya ntchito. Sizinatero. Chuma chinapitiriza kukula, ndipo ulova unatsika mpaka pansi pa 4 peresenti mu 2019. Ofuna kutuluka anali atatcha kale machenjezo onsewa kuti Project Fear, kutanthauza kampeni yongoopseza anthu, ndipo apa anapeza umboni. Kuyambira pamenepo, mkulu wa kampani aliyense akatsegula pakamwa za malole ndi mafomu, ankamuyankha kuti anzako aja analosera zomwezo. Mwa kuona kwanga, uku kunali kutaya kwakukulu, chifukwa madandaulo a m'mafakitale anali a mtundu wina. Sankanena za kugwa kwa tsiku limodzi. Ankanena za kudontha kwapang'onopang'ono.

Tisaiwalenso kuti amabizinesi sankalankhula ndi pakamwa pamodzi. Bungwe la makampani akuluakulu la CBI linkafuna kukhala. Koma Tim Martin wa mabala a Wetherspoon, Anthony Bamford wa makina okumbira a JCB, ndi James Dyson wopanga makina osesera m'nyumba ankafuna kutuluka. John Longworth anachoka pa udindo wa mkulu wa bungwe la amabizinesi la British Chambers of Commerce mu Malichi 2016 atalankhula mokomera kutuluka. Mfundo yawo inali ndi mutu: makampani ambiri a ku Britain sagulitsa kanthu kunja, koma ankamangidwabe ndi malamulo a ku Brussels, ndipo misika imene ikukula msanga ili ku Asia. A Dyson atalengeza mu Januwale 2019 kuti likulu la kampani yawo lisamukira ku Singapore, anthu anawanyogodola kwambiri, ngakhale kampaniyo inati si chifukwa cha Brexit.

Mphindi ziwiri pa Dover

Msonkho ndi umene unkamveka kwambiri m'nyuzipepala, poti ndi wosavuta kufotokoza. Popanda pangano, galimoto yopangidwa ku Britain ikanalipira 10 peresenti polowa ku EU, ndipo nyama ndi zamkaka zikanalipira zochuluka kuposa pamenepo. Koma woyendetsa fakitale ukamufunsa chimene chinkamusowetsa tulo, ankayamba ndi nthawi.

Padoko la Dover, limene layang'anizana ndi France, pamadutsa malole pafupifupi 10,000 pa tsiku kukakhala kotanganidwa. Dokolo ndi lopanikizika pakati pa nyanja ndi zitunda zazitali za miyala yoyera, moti malo oimikapo malole ndi ochepa. Oyang'anira doko anawerengera kuti lole iliyonse ikangochedwa ndi mphindi ziwiri zokha, mzere ungatalike makilomita 27. Mphindi ziwiri! Nthawi yongokwanira wakasitomu kutsegula fayilo n'kufunsa funso limodzi.

Chifukwa chake mphindi zimenezi zinali zoopsa ndi mmene mafakitale amakono amagwirira ntchito. Sasunga zipangizo zambiri, chifukwa nyumba yosungiramo katundu imadya ndalama. Chipangizo chimafika pa ola limene chikufunika. Kampani ya Honda inauza aphungu a Nyumba ya Malamulo mu 2017 kuti fakitale yake ya ku Swindon inkalandira malole 350 ochokera ku Ulaya tsiku lililonse, ndipo pamzere wolumikizira galimoto pankakhala zipangizo za ola limodzi lokha. Lole yonyamula mipando ikachedwa, simupanga galimoto zopanda mipando. Mzere wonse umaima, antchito n'kumangoyang'anana uku malipiro akuwerengeka.

Makampani a ku Japan anali ndi chifukwa chinanso chokwiyira. Nissan inatsegula fakitale ku Sunderland mu 1986, m'nthawi ya nduna yaikulu Margaret Thatcher, itakopeka ndi mfundo yakuti Britain ndi khomo lolowera ku Ulaya. Toyota ndi Honda anatsatira. Mwa galimoto khumi zilizonse zopangidwa ku Britain, pafupifupi zisanu ndi zitatu zinkagulitsidwa kunja, ndipo zoposa theka la zimenezo zinkapita ku EU. Mu Sepitembala 2016 boma la Japan linachita zachilendo: linatulutsa poyera chikalata cha masamba 15 chochenjeza kuti makampani ake angasamutse malikulu awo ngati khomo lija litsekeka. Ku Sunderland komweko, anthu 61 pa 100 alionse anali atavotera kutuluka.

Airbus, imene imapanga mapiko a ndege ku Broughton m'dziko la Wales n'kuwanyamula pandege kupita ku Toulouse ndi Hamburg, inachenjeza mu Juni 2018 kuti kutuluka popanda pangano kungaichititse kuganizanso za tsogolo lake ku Britain, kumene inali ndi antchito 14,000.

Zaka zinayi osadziwa mawa

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa risiti iliyonse, mtengo wa kusadziwa. Wofuna kumanga fakitale amaganiza za zaka makumi awiri kutsogolo. Akapanda kudziwa ngati katundu wake adzalipira msonkho, amadikira kapena amakamanga kwina. Ndalama zimene makampani a ku Britain ankaika m'makina ndi m'nyumba zatsopano zinali zikukwera chisankho chisanachitike. Kuchokera mu 2016 zinangoima malo amodzi kwa zaka zingapo, pamene m'mayiko ena olemera zinkakwerabe.

Chaka cha 2019 ndiye chinali chosokoneza mutu. Tsiku lotuluka linali 29 Malichi. Pangano la katulukidwe limene Theresa May anagwirizana ndi EU linakanidwa katatu ku Nyumba ya Malamulo, koyamba ndi mavoti 230, kugonja kumene boma la Britain linali lisanakuonepo. Makampani anadzaza nyumba zosungiramo katundu ndi mankhwala, zakudya za m'zitini ndi zipangizo. Mafakitale a galimoto amatseka kwa masabata angapo chaka chilichonse, kawirikawiri m'miyezi yotentha, kuti akonze makina. BMW inasuntha kutseka kwa fakitale ya Mini kuti kuyambe pa 1 Epulo, n'cholinga choti chipwirikiti cha pachipata chikafika iwo akhale atatseka kale. Tsiku lotuluka linasunthidwa kupita pa 12 Epulo, kenako pa 31 Okutobala. Fakitale inatseka pachabe, chipwirikiti chimene inkathawa chikadali kutsogolo. Kenako tsiku linasunthidwanso, ndipo Britain inatuluka pa 31 Januwale 2020 pansi pa nduna yaikulu Boris Johnson, koma malamulo akale anapitiriza kugwira ntchito mpaka kutha kwa chakacho.

Pangano la malonda, la masamba oposa 1,200, linamalizidwa pa 24 Disembala 2020. Linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2021. Atadikira zaka zinayi ndi theka, makampani anapatsidwa sabata imodzi, ya Khirisimasi, pakati pa mliri wa Covid, kuti awerenge ndi kumvetsa malamulo atsopano.

Wopanda msonkho, koma pali "ngati"

Panganolo linati palibe msonkho ndipo palibe malire a kuchuluka kwa katundu. Ichi chinali chinthu chachikulu, ndipo choopsa kwambiri chija chinapeweka. Koma mawu akuti "palibe msonkho" ali ndi mchira: ngati katunduyo ndi wochokeradi ku Britain kapena ku EU. Mu mgwirizano wa kasitomu funso limeneli kunalibe. Tsopano wogulitsa aliyense ayenera kusonyeza kumene katundu wake anabadwira, ndipo pa chinthu chopangidwa ndi zipangizo masauzande ochokera m'mayiko makumi angapo, imeneyo ndi ntchito ya ofesi yathunthu.

Chitsanzo chimene chinafala ndi cha maswiti otchedwa Percy Pig a sitolo za Marks & Spencer. Amapangidwa ku Germany, amabwera ku nyumba yosungiramo katundu ku England, kenako ena amatumizidwa ku sitolo za kampaniyo ku Ireland. Popeza ku England sanawachite kalikonse kupatula kuwasunga, sakuwerengedwa ngati katundu wa ku Britain, ndiye polowanso ku EU akanatha kulipira msonkho. Switi ya ku EU kulipira msonkho pobwerera ku EU. Makampani ambiri amene ankagwiritsa ntchito Britain ngati pogawira katundu wa ku Ulaya konse anapeza kuti njira imeneyo yafa, ndipo ena anatsegula nyumba zosungiramo katundu ku Netherlands.

Zakudya ndi zimene zinapwetekeka koposa. Nyama, nsomba, mazira ndi zamkaka zikamalowa ku EU kuchokera kunja zimafuna chikalata cha zaumoyo chosainidwa ndi dokotala wa ziweto kapena woyang'anira wovomerezeka, ndipo chikalatacho chimalipiridwa. Kwa kampani yotumiza lole yodzaza ndi chinthu chimodzi, mtengowo umagawika n'kuchepa. Kwa wopanga tchizi wina wa ku Cheshire, amene ankatumiza timaphukusi kwa ogula a pa intaneti, zinatanthauza chikalata cha mapaundi 180 pa phukusi la mapaundi 25 kapena 30. Malonda otero amatha okha, popanda woletsa.

Asodzi a ku Scotland anaona zina. Ogulitsa ang'onoang'ono amaphatikiza katundu wawo mu lole imodzi. Fomu ya mmodzi ikalakwika, lole yonse imaima, ndipo nkhanu ndi nkhono za m'nyanja sizidikira. Zimene kale zinkafika pamsika wa ku Boulogne, ku France, m'mawa mwake zinayamba kutenga masiku angapo, ogula n'kumazikana. Mu Januwale 2021 malole a nsomba anakaimikidwa kufupi ndi maofesi a boma ku London posonyeza kukwiya. Chowawa n'chakuti asodzi ambiri ndi amene anali patsogolo pofuna kutuluka, poyembekezera kulanda nyanja yawo. Walira mvula walira matope: ufulu wodzipangira malamulo unabwera limodzi ndi chipata.

Mwezi umenewo katundu wopita ku EU anatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Chiwerengerochi tisachitengere pamwamba, chifukwa makampani anali atatumiziratu katundu wambiri mu Disembala, ndipo Covid inali pachimake. Miyezi yotsatira zinthu zinabwererako. Chimene sichinabwerere ndi ogulitsa ang'onoang'ono. Ofufuza a ku London School of Economics anapeza kuti makampani pafupifupi 16,400 anasiyiratu kugulitsa ku EU pangano litayamba, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono, pamene akuluakulu anapirira. Nzosadabwitsa. Kampani yaikulu imalemba ntchito akatswiri a kasitomu. Ya anthu asanu, mwini wake ndi amene amadzaza mafomu usiku, mpaka tsiku lina amati basi.

Mbali inayo, Britain inachita manyazi kutseka chipata chake. Kuyeza zakudya zochokera ku EU kunasunthidwa kasanu, poopa kukweza mitengo m'masitolo, ndipo kunayamba mu 2024. Kwa zaka zitatu mlimi wa ku France ankagulitsa ku Britain mosavuta kuposa mmene mlimi wa ku Britain ankagulitsira ku France. Chimodzimodzi chizindikiro chatsopano cha UKCA, chimene chinayenera kulowa m'malo mwa CE ya ku Ulaya, yosonyeza kuti katundu akutsatira malamulo a kapangidwe: makampani ena atawononga kale ndalama kukonzekera, mu Ogasiti 2023 boma linati pa zinthu zambiri CE ipitirire kuvomerezeka.

Mabanki ndi antchito

Chuma cha Britain, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, ndi cha ntchito osati katundu wogwirika, koma panganolo linanena zochepa pa mbali imeneyi. Kale banki yolembetsedwa ku London inkatha kutumikira makasitomala a ku EU konse ndi chiphaso chimodzi. Makampani azachuma pafupifupi 5,500 ankadalira chilolezo chimenechi, ndipo chinatha. Mabanki anatsegula nthambi ku Dublin, Frankfurt, Paris ndi Luxembourg. Pa tsiku loyamba la malonda mu 2021, kugulitsana masheya a makampani a ku Ulaya kwa mayuro pafupifupi 6 biliyoni pa tsiku kunasamuka ku London, ndipo mwezi umenewo Amsterdam inaposa London. Bungwe la EU loona za mankhwala linapita ku Amsterdam, loona za mabanki ku Paris. Ngakhale easyJet inatsegula kampani ina ku Vienna kuti ndege zake zipitirize kuuluka pakati pa mayiko a EU.

Koma apanso maulosi ena anapyola. Ena ankati ntchito 75,000 zingatayike. Kampani yowerengera ndalama ya EY, imene inkatsatira nkhaniyi, inawerenga zoposa pang'ono 7,000 zimene zinasamuka. London ikadali likulu la zachuma ku Ulaya, ndipo ntchito zimene Britain imagulitsa kunja, monga za maloya, alangizi ndi zamakompyuta, zakula bwino ndithu. Uphungu wotumizidwa pa intaneti suima pamzere ku Dover.

Za antchito n'zosakanikirana. Kuyambira 2004, pamene Poland ndi mayiko ena a kum'mawa analowa mu EU, minda ya zipatso, mahotela, malo ophera nyama ndi makampani a malole anazolowera antchito ochokera kumeneko. Khomo limenelo linatsekedwa mu Januwale 2021. Chaka chomwecho bungwe la eni malole linati pakusowa madalaivala pafupifupi 100,000. Mu Sepitembala malo ambiri omwetsera mafuta anauma, kenako alimi ena anapha nkhumba n'kuzitaya chifukwa chosowa anthu ozikonza. Si Brexit yokha: Covid inaimitsa mayeso a madalaivala, ndipo Poland ndi Germany nawonso ankasowa madalaivala. Koma Britain inali itadzitsekera thumba limene inkatapamo msanga, mpaka boma linapereka ziphaso zakanthawi 5,000 kwa madalaivala akunja. Chodabwitsa, obwera sanachepe. Pofika 2023 olowa anaposa otuluka ndi anthu oposa 900,000 pa chaka, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo, koma ambiri tsopano ochokera kunja kwa Ulaya, monga India ndi Nigeria.

Ku Northern Ireland nkhani inali yovuta mwa njira yakeyake. Kumeneko Britain imagawana malire apamtunda a makilomita pafupifupi 500 ndi dziko la Ireland, limene lili mu EU, ndipo chiyambire pangano lamtendere la 1998 palibe amene ankafuna kuonanso zipata pamalirepo. Mapeto ake chipata chinaikidwa panyanja, m'kati mwa dziko limodzi: katundu wochoka ku England kupita ku Belfast, likulu la Northern Ireland, anayamba kufuna mapepala. Pangano la Windsor, limene nduna yaikulu Rishi Sunak ndi Ursula von der Leyen wa EU anagwirizana mu Febuluwale 2023, linapeputsa zinthu pa katundu wongotsalira ku Northern Ireland. Makampani a kumeneko ali ndi mwayi umene anzawo alibe, wogulitsa katundu momasuka ku misika yonse iwiri.

Nanga zonse pamodzi?

Kuyankha n'kovuta chifukwa Brexit inafika nthawi imodzi ndi Covid, kenako nkhondo ya ku Ukraine ndi kukwera mtengo kwa gasi. Tengani galimoto. Mu 2016 Britain inapanga zoposa 1.7 miliyoni, mu 2022 inapanga 775,000. Wina anganene kuti ndi Brexit basi. Koma m'zaka zomwezo anthu anasiya kugula galimoto za dizilo, tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto tinasowa padziko lonse, ndipo Honda, potseka fakitale ya Swindon mu Julayi 2021 n'kusiya anthu 3,500 opanda ntchito, inanenetsa kuti chifukwa chake si Brexit. Nissan inasiya mapulani opangira X-Trail ku Sunderland mu 2019, koma mu 2021 inalengeza, pamodzi ndi anzake, ntchito ya mapaundi 1 biliyoni ya galimoto zamagetsi ndi mabatire komweko. Airbus ikadali ku Broughton.

Ofesi yoima payokha yowunika bajeti ya boma, ya Office for Budget Responsibility, imawerengera kuti m'kupita kwa nthawi malonda a Britain ndi mayiko ena adzakhala otsika ndi 15 peresenti, ndipo zimene wantchito aliyense amatulutsa zidzatsika ndi 4 peresenti, poyerekeza ndi mmene zikanakhalira dzikolo likanakhalabe. Pali akatswiri amene amati chiwerengerochi n'chokokomeza, ena amati n'chochepa. Chovuta n'chakuti ndi kuyerekeza ndi dziko limene kulibe. Fakitale imene yatsekedwa imajambulidwa pa TV. Imene ikanamangidwa ku Midlands, ku England, koma yamangidwa ku Slovakia palibe amaijambula.

Mapangano atsopano aja anabweradi. A Australia ndi New Zealand anayamba kugwira ntchito mu Meyi 2023, Britain inalowa m'gulu la mayiko a ku Pacific la CPTPP mu Disembala 2024, ndipo inasainirana ndi India mu Julayi 2025. Koma boma lenilenilo linawerengera kuti pangano la Australia lidzawonjezera 0.08 peresenti yokha ku chuma. Chifukwa chake si chinsinsi kwa aliyense wonyamula katundu: kuchoka ku Dover kufika ku Calais ndi ola limodzi ndi theka pa sitima ya pamadzi, pamene kufika ku Sydney ndi masabata.

Lero mabungwe a amabizinesi sakupempha kwenikweni zobwerera mu EU. Akupempha zinthu zing'onozing'ono, chimodzichimodzi. Pa 19 Meyi 2025 nduna yaikulu Keir Starmer ndi atsogoleri a EU anakumana ku London n'kugwirizana zokambirana pangano lochotsa zikalata zambiri za zakudya ndi zomera. Mtengo wake ndi wakuti Britain izitsatira malamulo a EU pa zakudya, ndipo mabwato a ku Ulaya apitirize kusodza m'madzi ake mpaka 2038.

Opanga galimoto nawo maso awo ali pa batire. Pangano la 2020 linati galimoto yamagetsi isalipire msonkho ngati 40 peresenti ya mtengo wake ndi ya zipangizo za ku Britain kapena ku EU, ndipo gawolo linayenera kukwera kufika pa 45 peresenti mu Januwale 2024. Koma batire ndi limene limadya mtengo waukulu wa galimoto yotere, ndipo mabatire ambiri amachokera ku Asia. Stellantis, mwini wa Vauxhall, inachenjeza aphungu mu 2023 kuti mafakitale ake ali pachiswe. Ulendo uno makampani a ku Germany nawo anadandaula, chifukwa msonkho wa 10 peresenti ukanagwera galimoto zawo zopita ku Britain chimodzimodzi. Mu Disembala 2023, kutatsala masiku ochepa, mbali ziwirizi zinagwirizana kusuntha lamulolo mpaka kumapeto kwa 2026.